Bodza la Amayi, Maso a Bambo

Wokondedwa Makani, mlongo wanga,

Landira moni wa manja awiri, iwe pamodzi ndi mayi a kunyumba kwako ndi kamtsikana kanu kaja. Kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga chifuwa chako chija cha utsi wa kugalaja, chinaleka kapena ukungochinyengerera monga mwa masiku onse? Ife kuno tili bwino. Alamu ako akuyendabe ndi lole yawo, ine ndikupalasabe makina anga osokera pakhonde, ndipo msana wayamba kundikumbutsa kuti ndine wamkulu kwa iwe.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati kuti mafoni anatha padziko. Ndimakudziwa. Pa foni ndikangotchula kuti Bambo, iwe umati netiweki yavuta, n'kudula. Pepala lilibe netiweki, ndiye werenga mpaka kumapeto. Ukhale pansi ndithu, chifukwa ine ndikulemba nditaimirira, mtima ukukana mpando.

Makani, Bambo akuona! Akuona ndi maso awo!

Ng'ala zija madokotala azichotsa. Tinalimbana nawo nthawi yaitali kuti avomere, iwo n'kumati munthu wa mpeni asayandikire diso lawo, koma mapeto ake anagonja. Tsiku lomasula mabandeji ndinali nditakonzeka kulira. Anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana manja awo, kenako anandiyang'ana ine n'kundifunsa kuti ndinakalamba liti chonchi. Atatembenukira kwa alamu ako anati kodi mkamwini wawo ndi ameneyu, chifukwa mawu ake amamveka ngati a munthu wamtali. Nesi anachita kutuluka panja kukaseka.

Kufika kunyumba sanakhale pansi. Anazungulira chipinda chilichonse ngati mwini nyumba wobwera kudzaona alendi. Shelefu imene alamu ako anakhoma kukhitchini akuti ndi yopendekeka moti ngakhale wakhungu ankaimva. Penti ya pabalaza akuti tinasankha tili ndi malungo. Koma atafika pa chithunzi cha Amayi chija cha pakhoma anachiyang'anitsitsa, chifukwa chinajambulidwa iwo atasiya kale kuona. Anangonena kuti sankadziwa kuti Amayi anali ndi imvi zambiri chonchi.

Tsopano kuti umvetse zimene zachitika pambuyo pake, ndikuuze kaye za mafilimu. Izi sunazione, zinayamba iwe utachoka kale.

Za tsiku limene unachoka sindikukumbutsa zambiri. Unawauza Bambo kuti matabwa sukuwafuna, mtima wako uli pa mainjini. Iwo anati ukatuluka pachitseko chimene anapanga ndi manja awo, usadzagogodenso. Unatuluka, ndipo madzulo omwewo anakhomerera mpiringidzo wachitsulo m'kati. Amayi ankati m'nyumba muno anabereka Makani wamng'ono atakwatiwa kale ndi Makani wamkulu.

Pasanapite nthawi maso a Bambo anayamba kuchita chifunga. Anatseka shedi yawo ya ukalipentala n'kukhala pampando wa pawindo, tsiku lonse duu. Munthu amene ankadzutsa mzere wonse wa nyumba ndi hamala, anafika poti sunkadziwa ngati ali m'nyumba.

Ndiye tsiku lina Amayi anabwera kuchokera kuhotela kumene ankasita nsalu atasenza katoni. Munali kamakina kakale koonetsera mafilimu ndi madisiki amene ahotela ankafuna kutaya. Mafilimu ake onse anali a chilankhulo chakutali chimene palibe aliyense wa ife amamva ngakhale moni wake. Ndipo kaya anasankha ndani, onse anali achisoni okhaokha: mabanja okangana, maliro, nkhalamba zodya zokha, ana osalankhulana ndi makolo. Palibe ngakhale imodzi yomenyana kuti munthu asangalaleko.

Amayi anawauza Bambo kuti chilankhulocho anachiphunzira kwa alendo a kuhotela. Akaweruka kuntchito ankakoka mpando, n'kukhala pambali pawo, n'kumawafotokozera zonse, zimene zikuoneka ndi zimene zikunenedwa. Mlongo wanga, Amayi sankamva ngakhale liwu limodzi. Ankangopeka!

Ndipo kupeka kwake kunali kwa mbali imodzi. Mkazi akanyamula sutikesi kusiya banja akulira, Amayi ankati wapita kukadwazika amake, abwera Lachisanu. Abale awiri akamakalipirana polimbirana nyumba ya malemu bambo awo, mpaka kuswa mbale, Amayi ankati akukangana chifukwa aliyense akufuna kusiyira mnzake chipinda chabwino. Bambo ankagwedeza mutu n'kumati anthu akunjawa ulemu wawo ndi waphokoso. Ine ndikangotsegula pakamwa, Amayi ankanditsina pantchafu osatembenuka n'komwe.

Filimu imene Bambo ankaikonda kuposa onse tinkaitcha ya Mdala wa Jekete. Ndi ya mdala wina amene mkazi wake anamwalira, ndipo mwana wake wamwamuna anachoka atayambana. Mdalayo amakhala yekha m'kanyumba kapamwamba. Tsiku lililonse amaika mbale ziwiri patebulo, n'kudya imodzi, inayo n'kuitsuka yosadyera. Pafupi ndi chitseko pali msomali, pamsomalipo jekete lake. Filimu yonse ndi imeneyo, munthu kudikira basi.

Kumapeto kwake kumamveka kugogoda. Chitseko chimatseguka, pamamveka mawu a mwamuna wachinyamata, kenako makapu kugundana, kenako chitseko kutsekeka. Zimenezi Bambo ankazimva okha ndi makutu awo. Amayi ankati wagogodayo ndi mwana uja, wabwerera. Ankati mdala wamugwira dzanja, wamuthirira tiyi, ndipo chitseko chatsekeka onse awiri ali m'kati. Pamenepo mawu a Amayi ankanjenjemera pang'ono.

Bambo ankangoti za m'mafilimu izo, n'kutembenukira kukhoma. Koma pakapita masiku ochepa ankafunsanso kuti kodi ya Mdala wa Jekete ija ilipo.

Zoona zake, Makani, wogogodayo si mwana ayi. Ndi munthu wa kampani ya magetsi wobwera kudzawerenga mita.

Amayi atatisiya, ntchito yofotokoza inagwera ine. Bambo ankadandaula kuti ndimafotokoza ngati ndikuwerenga pepala la m'botolo la mankhwala, koma ankamvetserabe, chifukwa m'nyumba munali zii woopsa. Mathero a Mdala wa Jekete sindinawasinthe. Ndinkawanena monga mmene Amayi ankawanenera, ndipo ndinkamva ngati andikhalira pambali ndi zala zawo zotsina zija.

Ndiye tangoganiza mmene mtima wanga unadumphira Lamlungu lapitali masana, titangomaliza kudya, Bambo atanena kuti tsopano akufuna aone nkhope ya mdala mnzawo uja. Ndinati disikiyo inasowa posamutsa katundu. Alamu ako, munthu wosadziwa kuwerenga diso la mkazi wake, anati si iyi ili pamwamba pa firiji? Ndikanakhala ndi singano m'manja ndikanawasoka milomo.

Tinatseka makatani chifukwa dokotala anati kuwala kwambiri ayi. Bambo anavala magalasi awo akuda aja, anakokera mpando kutsogolo, n'kulamula kuti lero telala atseke pakamwa, aonera okha.

Poyamba zinayenda bwino. Anati mdalayo ndi wowonda kuposa mmene ankamuganizira. Anati tebulo lake anapanga ndi mmisiri weniweni, taonani mmene miyendo yalowera. Mbale yachiwiri ija itaikidwa anatsokomola.

Kenako kugogoda kuja. Chitseko chinatseguka, ndipo analowa mnyamata wa yunifolomu, chipewa kumutu, tochi m'manja, osapereka ngakhale dzanja, molunjika ku mita ya kuseri kwa chitseko. Bambo anaweramira kutsogolo. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anafunsa osandiyang'ana kuti kodi mwana wa mdalayu amagwira ntchito ku magetsi. Alamu ako anaimirira n'kuti akukaona mpweya wa matayala, ngakhale lole inali ku depoti.

Filimu inawayankha yokha. Mdala uja anamugwira mnyamatayo pamkono wa malaya n'kumulozera tebulo. Mnyamatayo anayang'ana wotchi, anamwa tiyi ataimirira, anaika kapu pansi, n'kutuluka. Chitseko chinatsekeka. Mdala anatsala yekha m'kati, jekete lili pamsomali, n'kutenga mbale yosadyera ija kupita nayo kusinki. Basi, mayina anayamba kukwera.

Bambo anati ndibwezere kuyambira pogogoda, ndinabwezera. Anaonanso mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

Kenako anayamba kuseka. Anaseka, Makani, kuseka kumene sindinakumvepo chichokere iwe, mpaka kumenya mkono wa mpando. Anati mayi athu anali wabodza wotheratu, ndipo iwo anali chitsiru chawo chokhulupirika. Anafunsa za mkazi wa sutikesi uja, ngati anabweradi Lachisanu. Ndinati sanabwere. Anafunsa za abale a ulemu waphokoso aja. Ndinati anatengerana kukhoti. Anaseka mpaka mpweya kuwathera.

Sindinaone pamene kusekako kunasinthira. Ndinangoona mapewa akugwedezekabe koma mawu atasintha. Iwe ukudziwa kuti pamaliro a Amayi sanagwetse msozi, anthu mpaka ankanong'onezana. Lamlungu analira zonse, za nthawi imeneyo ndi za kale. Ine ndinkangowagwira manja kuti asatikite maso, chifukwa dokotala analetsa, uku nanenso ndikulira ngati mwana. Tinanyowetsa kansalu kamene ndinkafuna kusokera kasitomala kolala.

Atapuma anandiuza zimene ndikufuna uzimve bwino. Anati tsopano amvetsa kuti zaka zonse zija Amayi sankawauza za mwana wa mdala wakunja. Anati Amayi ankadziwa kuti akangotchula dzina lako m'nyumba muno denga liphulika, ndiye ankakulowetsa kudzera m'filimu, madzulo ndi madzulo, n'kukukhazika patebulo, n'kukuthirira tiyi, iwo ali pomwepo osatha kukuthamangitsa. Anati ndipo iwo ankaipempha filimuyo chifukwa kunali kokhako kumene ankakumva ukubwerera.

Anandiuzanso chinthu china chimene sindinkachidziwa. Pamaliro paja, pamene unaima kumbuyo kwa anthu n'kubwerera osalowa m'nyumba, iwo anakudziwa. Anamva kutsokomola kwako. Akuti anatsegula pakamwa kuti akuitane, koma anadikira kuti uyambe ndiwe, ndipo podikirapo anamva galimoto ikulira. Akuti kuyambira tsiku limenelo akamva munthu akutsokomola pamsewu amaleka kutafuna.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndinanyamuka kuti ndikatereke madzi. Anandibweza. Anati ndiimitse filimu pamene pakuoneka chitseko, n'kundilozera jekete lija ndi chala. Anati taona, filimu yonse jeketelo lili pamsomali. Mdalayu miyendo ali nayo, maso ali nawo, masitepe ndi awo, koma sanalivale ngakhale tsiku limodzi. Anati ameneyu si munthu womvetsa chisoni, ndi chitsiru, ndipo akumudziwa bwino chifukwa amametera pagalasi limodzi.

Anati Amayi analakwitsa chinthu chimodzi chokha m'bodza lawo lonse. Mwana sanathamangitsidwe ndi chitseko, anathamangitsidwa ndi pakamwa pa bambo ake, ndiye pakamwa pomwepo ndi pamene payenera kunyamuka kukamufuna.

Kuyambira pamenepo nyumba ino yatembenuka. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kukwekwesa, ndinapeza Bambo atagwada pachitseko akumasula mpiringidzo uja. Misomali yake inali itachita dzimbiri, anatukwana pang'ono, koma unachoka. Tsopano chitseko sichikhomeka bwino, alamu ako amachita kutsamiritsapo mpando pogona, ndipo akangodandaula Bambo amawafunsa za shelefu ija.

Atatero anandibweretsera jekete lawo lakuda lija kuti ndisokerere mabatani. Ndili m'kati mofufuza diso la singano, anandilanda n'kulowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati apambana mpikisano. Makasitomala anga onse amva kale nkhani imeneyi, ena maulendo angapo.

Shedi nayo yatsegulidwa. Anatulutsa akangaude, ananola zida, ndipo mzere wonse wa nyumba wayambanso kudzuka ndi hamala. Anandipempha chithunzi cha mwana wako pa foni, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chipumi ndi chawo, palibe wokana. Amupangira kampando. Mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono, dzanja silinabwerere bwinobwino, koma chonde ukadzakaona usanene. Ukadzafuna kuikapo kapepala pansi, udzaike iwo atatuluka.

Waona kumene ndikupita. Bambo akubwera kwanu, Makani. Akwera lole ya alamu ako Loweruka likubwerali, popeza katundu wa ulendo uno akudutsa kufupi ndi kumeneko, ndipo adzafika dzuwa lisanalowe. Bambo anandiletsa kukuuza. Ine ndakuuza, ndipo kalatayi ndapatsira dalaivala mnzawo wa alamu ako amene akunyamuka mawa, chifukwa ndimakudziwa. Ukadzidzimutsidwa umauma ngati thabwa, kapena umalowa pansi pa galimoto ya munthu n'kukhala komweko mpaka mlendo atatopa.

Sindikunena kuti anachita bwino tsiku lija. Sanachite bwino, ndipo mawu amene anakuuza ndimawakumbukira ngati iwe. Ndikudziwa kuti unagona m'magalimoto akufa usanapeze pokhala, unakwatira popanda bambo, mwana anabadwa popanda agogo ake aamuna kumunyamula. Mkwiyo wako uli ndi chifukwa. Koma chibale ndi fupa, mlongo wanga, sichiola, ndipo munthu amene akubwerayo ndi nkhalamba ya jekete la mabatani atsopano imene yakhala mumdima nthawi yaitali.

Ndikuchenjezeretu kuti kupepesa sakudziwa. Ndimawamva akuyeserera mu shedi akamaganiza kuti ndili pamakina. Amayamba bwino, amati mwana wanga ndinalakwa, koma akangopitirira pang'ono amapezeka akunena kuti mainjini amadetsa zovala, n'kudzitukwana okha, n'kuyambiranso. Akadzafika pa mainjini, iwe udzangoluma mlomo. Mawu oyambawo ndi amene ali enieni.

Ndipo akuopa. Sanena, koma jeketelo alipukuta kale kangapo ndipo chakudya akungochitosa. Dzulo ndikuwayesa mapewa ndinawafunsa kuti nanga Makani akakapanda kutsegula, mukatani?

Anati akagogoda basi. Anati ukakakana kuwalandira ngati bambo ako, sakakudandaula, chifukwa lamulo loti munthu asagogode analiyambitsa ndi iwo. Akangokupempha kuti uwalandire ngati munthu wa mita. Uwalole alowe, aone nkhope yako ndi maso awo atsopanowa, amwe tiyi ngakhale ataimirira, asiye kampando, azipita. Anati zimenezo zokha zikawakwanira.

Ine sizindikwanira, Makani. Amayi ananena mathero aja madzulo osawerengeka, mawu akunjenjemera, ndipo anapita osawaona. Ine ndinawanena pambuyo pawo ndikudziwa kuti ndi bodza. Ndatopa kunama. Loweruka usapite kugalaja, vala malaya oyera, uuze mayi a kunyumba kwako atereke madzi. Ukamva kugogoda, tsegula. Ndipo chitseko chikamadzatsekeka, mudzakhale muli m'kati nonse awiri, kuti mayi athu asakhalenso wabodza.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti Bambo amamwa tiyi wa shuga wambiri ngakhale adzakana. Kamtsikanako ukapsompsone pachipumi cha agogo akecho. Alamu ako akuti moni, ndipo akuti adzaimika lole patali pang'ono, injini osazimitsa, mpaka ataona chitseko chatsekeka. Ndawauza kuti akadzabwerera ndi Bambo tsiku lomwelo, onse awiri akagona mu shedi.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo akufewetse mtima pofika Loweruka.

Ndine chemwali wako,
Telala wa pakhonde